Cape Town ikutikankhira kutali ndi nyanja

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi achinyamata akumudzi amene amaona zithunzi zathu pa Facebook n'kumati kuno tikudya zonona.

Ndinafika ku Cape Town mu 2015. Ndinkachita lendi kachipinda ku Woodstock, kufupi ndi Sea Point komwe ndimatsuka mbale mu lesitilanti. Lero nyumba ija anaipaka penti yoyera n'kumangirira kabokosi ka makiyi pageti. Mumagona alendo a masiku ochepa, ena ndi aja amalaputopu olandira malipiro m'madola. Kuyambira 2024 ali ndi viza yawoyawo yogwirira ntchito zakwawo atakhala konkuno. Sindidana nawo ayi, tipi amapereka mosaumira. Koma ine ndinakathera ku Dunoon, dera lakunja kwa mzindawu, m'kanyumba ka malata, ndipo 4 koloko m'mawa imandipeza ndikuthamangira basi ya MyCiTi.

Chilala cha 2018 tinapirira, munthu malita 50 patsiku, madzi osambira omwewo n'kukathira m'chimbudzi. Lendi ndiye yatigwetsa mphwayi. Kangachepe komwe ndinkatumizira amayi ku Nkhata Bay katsika ndi theka, ndipo sindinawauze chifukwa chake.

Ine wanu,
Mmalawi wa ku Dunoon, Cape Town