Lipoti la msonkhano wa ku Maputo

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga a m'boma la Mangochi, ndabwerako bwino kumsonkhano wa aphunzitsi a mbiri umene munanditumako ku Maputo. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a msungichuma, choncho ndingolowa m'nkhani.

Tsiku loyamba lonse tinakangana pa funso limodzi: likulu la Mozambique likutani kumathero a kummwera, pafupi ndi South Africa ndi Eswatini, pamene gombe la dzikolo pa nyanja yamchere ndi lotalika makilomita pafupifupi 2,500? Likulu loyamba la Apwitikizi linali kumpoto, pa chilumba cha Ilha de Moçambique, pomwe Vasco da Gama anakocheza mu 1498. Golide atapezeka ku Johannesburg mu 1886, njanji inalumikiza Pretoria ndi doko la Lourenço Marques mu 1895, ndipo mu 1898 likulu linasamukira kudokoko. Linatsata ndalama basi. Dzina loti Maputo linabwera mu 1976, dziko litalandira kale ufulu pa 25 June 1975, Samora Machel ali mtsogoleri.

Anatiyendetsanso pa mlatho wautali wa Katembe, womwe unatsegulidwa mu 2018. Ndi wokongoladi, koma ine mtima unali kumudzi.

Nditapatsidwa mpata ndinawauza kuti ife a ku Mangochi, Mozambique timaidziwira kumpoto kwake. Kuchoka pa Chiponde, Mandimba ndi pakhomo pomwe. Mtsinje wa Shire umene timawoloka tsiku ndi tsiku pa boma umakathira mu Zambezi m'dziko lawo, ndipo nyanja yathu yomweyi iwo amaitcha Lago Niassa. Amalonda a Chiyao ankanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo kupita nazo kugombe la nyanja yamchere lija, ndipo Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi) inamangidwa mu 1891 pofuna kutseka njira imeneyo. Nditatchula za abale awo pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira kuno pa nkhondo yapachiweniweni, imene inatha mu 1992, m'chipindamo munati zii.

Ndiye pempho langa nali. Ana athu amaloweza kuti likulu ndi Maputo, koma ambiri sadziwa kumene madzi a Shire amathera. Ndikupempha kuti teremu ikubwerayi titengere ana a Fomu 3 ku Chiponde ndi kunyumba yosungira zakale pa boma, phunziro liyambire pamenepo. Nkhani ya galimoto ndi chakudya tidzaikambe pamsonkhano wathu wa Loweruka.