Ana athu ofuna udokotala akonzekere chaka choyamba cha sayansi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo ndi ana a Chimalawi amene tili nawo kuno ku Johannesburg, makamaka mabanja amene mwana wawo wapeza malo a BSc (digiri ya sayansi) ndipo pakhomo ayamba kale kumutchula kuti adokotala. Khumbo limeneli ndi labwino, ndipo n'lotheka. Nkhawa yanga ndi yakuti ambiri akuganiza kuti mwana akangolowa BSc, chaka chotsatira yunivesite imusamutsira yokha ku udokotala. Sizitero. Malo ndi ochepa, owafuna ndi ochuluka, ndipo chimene chimasankha munthu ndi malikisi.

Mumzinda muno, digiri ya udokotala imaphunzitsidwa ku University of the Witwatersrand, imene tonse timangoti Wits. Digiriyo ndi MBBCh, ya zaka 6, ndipo sukulu yake ili ku Parktown. Ophunzira amakaphunzirira pa odwala ku zipatala monga Charlotte Maxeke, Chris Hani Baragwanath, Helen Joseph ndi Rahima Moosa. University of Johannesburg ili ndi maphunziro ena a zaumoyo monga unamwino, kujambula odwala ndi X-ray, ndi za maso, koma siphunzitsa digiri ya udokotala, choncho kholo lisalipire fizi kumeneko poganiza kuti mwana atulukako dokotala. Pafupi nafe palinso University of Pretoria ndi Sefako Makgatho ku Ga-Rankuwa.

Wolowa MBBCh kuchokera ku matric (Grade 12) amafunika masamu enieni, osati Mathematical Literacy. Kalata zofunsira malo ku Health Sciences ya Wits zimatsekedwa pa 30 June chaka chimene mwana ali mu Grade 12, pamene za BSc zimafika mpaka pa 30 September. Ana ambiri anzeru amagwa pomwepa, chifukwa chodikira zotsatira za mayeso asanafunsire malo. Palinso mayeso olowera ku yunivesite otchedwa NBT: pepala la AQL (loyesa luso lomvetsa zolembedwa ndi manambala) ndi pepala la masamu, lililonse maola 3, ndipo kakyuleta saloledwa kulowa nayo. Mwana amene anazolowera kudina kakyuleta ngakhale pogawa 72 ndi 8 ayambe lero kuwerengera pamanja.

Amene waphonya njira imeneyi ndiye amadalira BSc. Ku Wits kuli GEMP, njira yolowera udokotala ya amene ali kale ndi digiri: munthu amamaliza digiri yake yoyamba, amalemba mayeso otchedwa WAPT a anatomy, physiology ndi molecular medicine, ndipo akasankhidwa amalowa chaka chachitatu cha MBBCh. Tiwerengetse bwino: zaka 3 za BSc kuphatikiza 4 zotsalazo ndi zaka 7, ngati sanabwereze kalasi. Kuti aganiziridwe n'komwe, ayenera kuti anakhoza biology, chemistry ndi physics za chaka choyamba, ndipo malikisi ake a digiri akhale okwera. Kungodutsa ndi 50 peresenti kumamusunga m'sukulu koma sikumufikitsa ku Parktown. Mmera m'poyamba: maphunziro a chaka chachiwiri onse amakhazikika pa maphunziro atatu amenewa, ndipo wolephera chemistry amatsekerezedwa kupita patsogolo kwa chaka chathunthu.

Tsono miyezi ya December ndi January, makalasi asanayambe mu February, mwana aziigwiritsa ntchito yanji? Ambiri amathamangira kuloweza mayina a mafupa. Ine ndikuti asiye kaye mafupawo, agwire masamu ndi chemistry, chifukwa n'kumene ophunzira a chaka choyamba amagwera.

Choyamba ndi mole. Mole imodzi ndi tinthu 6.022 × 10²³, ndipo mole imodzi ya sodium hydroxide imalemera magalamu 40. Ukasungunula magalamu 4 m'madzi mpaka zonse zikwane lita imodzi, wapanga mankhwala a mphamvu ya 0.1 mol/L. Zikuoneka zophweka, koma cholakwika chimabwera apa: funso limapereka mamililita 250, mwana n'kuiwala kuwasandutsa 0.250 L, yankho n'kuphonya ka 1 000. Njira yothetsera vuto limeneli ndi kulemba muyeso pambali pa nambala iliyonse, mzere uliwonse, n'kumaona kuti miyeso ikufafanizana mpaka patsale umene funso likufuna. Achite chimodzimodzi ndi fomula ya kusungunula, C₁V₁ = C₂V₂ (C ndi mphamvu ya mankhwala, V ndi kuchuluka kwake). Asaone ngati n'zongovutitsana za m'kalasi. Mwana wodwala wolemera makilogalamu 12 akafunika paracetamol wa 15 mg pa kilogalamu, ndiye kuti 180 mg, ndipo ngati botolo lalembedwa 120 mg mu 5 mL, amwa 7.5 mL. Ndi masamu omwewo, kungoti kumapeto kwake kuli moyo wa munthu.

Chachiwiri ndi ma logarithm. pH, muyeso wa asidi, ikatsika kuchoka pa 7 kufika pa 6, asidi sanangowonjezekera pang'ono, wachuluka kakhumi. N'chifukwa chake magazi a munthu, amene pH yake imakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45, akafika pa 7.1 madokotala amathamanga. Wosamvetsa log amangoloweza manambala amenewa osadziwa chimene akunena. Pa physics abwereze kusintha fomula kuti chimene akufuna chikhale chokha mbali imodzi, ma vector, sine ndi cosine, ndi kuwerenga magirafu. Aonenso ngati kakyuleta ili pa degree kapena pa radian asanayambe funso, pakuti kachinthu kameneka kamawononga pepala lonse munthu njira akuidziwa. Mafunso 10 mpaka 15 tsiku lililonse, owerengera yekha buku lili chotseka, amapindulitsa kuposa kuonera mavidiyo a pa YouTube tsiku lonse. Pa vidiyo zonse zimaoneka zomveka chifukwa akuganiza ndi wina.

Za mu labu ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ana ambiri ochokera m'sukulu zopanda zipangizo amafika asanagwirepo burette, chubu chagalasi cha miyeso chodonthezera mankhwala. Pulakitiko imodzi imatenga pafupifupi maola 3. Polowa pamafunika chovala choyera cha mu labu, magalasi oteteza maso ndi nsapato zotseka. Wabwera ndi masilipasi amabwezedwa pakhomo, ndipo malikisi a tsikulo apita. Pa titration, njira yopezera mphamvu ya mankhwala, amatunga 25 mL ya mankhwalawo ndi kachubu kotchedwa pipette, n'kumadontheza mankhwala ena kuchokera mu burette mpaka mtundu usinthe. Zolakwika zake ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka. Wina amatsuka burette ndi madzi okha osaitsukuluza ndi mankhwala amene athiremo, ndiye madzi otsalawo amafooketsa mankhwalawo. Wina saona kathovu ka mpweya kobisala kunsonga, kamene kakatuluka pakati pa ntchito kamawerengedwa ngati mankhwala. Wina amawerenga muyeso ataimirira chapamwamba m'malo moika diso molingana ndi pansi pa kupindika kwa madziwo. Ndi phenolphthalein, mankhwala osintha mtundu amene amadonthezedwa m'botolomo, poimira ndi pamene paoneka pinki wotuwa amene sakuchoka ukagwedeza botolo. Pinki akafika powala ndiye kuti wapitirira, abwereze. Amabwereza mpaka zotsatira ziyandikane, kusiyana kosaposa 0.1 mL. Ndipo posungunula asidi wamphamvu, asidi ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi, chifukwa kutentha kumene kumatuluka kumatha kuwiritsa madziwo n'kuthovukira kumaso. Zimene wapeza alembe pomwepo m'buku la labu ndi cholembera cha inki, ngakhale zikuoneka zolakwika. Kukonza manambala kuti afanane ndi a mnzake ndi mlandu waukulu pa yunivesite, ndipo si khalidwe loti munthu apite nalo ku wodi.

Pali lamulo limene ophunzira amalitchula kuti DP. Amene wajomba mapulakitiko kapena matutoriyo kupitirira malire saloledwa kulemba mayeso a kumapeto, ngakhale akhale wanzeru chotani. Akadwala atenge kalata ya kuchipatala n'kukaipereka ku dipatimenti mwamsanga, osadikira kuti amufunse.

Apa ndikupempha makolo. Mu South Africa credit imodzi imayimira maola 10 a ntchito, ndipo chaka chimodzi sichichepera ma credit 120, kutanthauza maola 1 200, pafupifupi maola 40 pa sabata. Imeneyi ndi ntchito yathunthu. Ndikudziwa mmene moyo ulili kuno ku Joni, lendi ikudikira, kumudzi akudikiranso. Komabe mwana amene akuima pa shopu Loweruka ndi Lamlungu lonse, madzulo akulera azing'ono ake, m'mawa akukwera matakisi awiri kuchokera ku Diepsloot kapena ku Tembisa kuti akapeze kalasi ya 8 koloko ku Wits ku Braamfontein, akupikisana ndi anzake amene akugona pafupi ndi laibulale. Ngati ndalama ya malo ogona pafupi palibe, mum'patse tebulo, nyale ndi maola atatu a bata madzulo aliwonse, ndipo maganyu achepe.

Za mapepala ndi zachidule koma zimagwetsa anthu. MSCE yokha sikwanira kulowera digiri kuno. Wochokera kumudzi amafunika maphunziro oonjezera monga A Level, ndi chikalata cha exemption (chomuloleza kuphunzira digiri kuno) chochokera ku Matriculation Board ya Universities South Africa. Amene si nzika kapena wokhazikika amafunika study visa yolembedwa dzina la yunivesiteyo, pamodzi ndi medical aid yolembetsedwa m'dziko lino. Thandizo la boma la fizi lotchedwa NSFAS ndi la eni dziko, choncho fizi ikonzedwe ndi banja kapena ifunidwe kwina nthawi ilipo. Malo a udokotala a ophunzira akunja ndi ochepa kwambiri kuposa a nzika. Pa chifukwa chimenechi mwana wa pasipoti ya Malawi asayang'ane Wits yokha. Kwathu kuli Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo imaphunzitsa MBBS ku Blantyre. Afunsirenso kumeneko.

Pomaliza, posankha maphunziro a chaka chachiwiri, mwana asankhe amene angamudyetse ngakhale GEMP itakanika, monga physiology, biochemistry, microbiology kapena genetics, zimene zimatsegula njira ya honours (chaka choonjezera pambuyo pa BSc) ndi ntchito za mu labu. Ndipo mayeso oyamba a mu March akabwera ndi malikisi otsika, apite kwa mphunzitsi wa phunzirolo kapena kwa tutor sabata yomweyo ndi pepala lake m'manja, akafunse funso ndi funso pamene anaphonya. Akadikira mpaka June, gawo lalikulu la malikisi a theka la chaka limakhala litalembedwa kale.

Mphunzitsi wa sayansi,
Johannesburg