Njinga za alendo zadutsa pamitumbira ya abale athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera mu nyuzi yanuyi pa zomwe zatichitikira kuno kudera la Mtakataka, chifukwa kwa amfumu takakambako kale koma anthu amene atilakwirawo sakhala kuno, amakhala ku tauni, nde mwina akawerenga pano amva.

Nonse mukudziwa fasho yabwerayi ya njinga za m'mapiri, zamatayala okhuthala zija, eni ake ovala zisoti ndi timakabudula tothina. Amayambira kumtunda ku Dedza, kutsetsereka m'nkhalango ya Mua-Livulezi, kuoloka msewu wa M5 ndi njanji mpaka kukathera kunyanja komwe galimoto imakhala ikuwadikira kale. Ife sitidana nazo. Njinga ndi njinga, nafenso timapalasa tsiku ndi tsiku. Koma Loweruka lapitali kampani ina yomwe imakonza maulendo amenewa inadutsitsa gulu lake lonse m'manda a m'mudzi mwathu. Osati m'mbali ayi, pakati penipeni.

Dzulo lake kunabwera anyamata awiri panjinga yamoto atanyamula chitini cha penti wofiira, n'kumajambula mivi yolozera njira. Sanafike kwa amfumu, sanapatse moni munthu aliyense. Muvi wina anaujambula pa mkuyu waukulu umene uli polowera kumanda, ina pamitengo ya mkati, ndipo muvi umene ukundisowetsa tulo anaujambula pa chiliza cha agogo anga aakazi, mayi awo a mayi anga. Kaya anaona kuti poti simenti ndi yoyera muvi uoneka bwino patali. Chiliza chimenechi tinasonkherana abale tonse, ena ali ku Joni anatumiza ndalama zawo zovutikira, simenti tinachita kukaitenga pangolo, lero dzina la agogo laphimbika theka ndi muvi wofiira wouza munthu wosawadziwa kuti akhotere kumanzere. Ndipo ndi penti wa oyilo. Mvula singamuchotse, dzuwa silingamuchotse. Komanso ifeyo sitingangodzuka n'kutenga parafini ndi sanza kukapukuta, chifukwa kumanda salowako chisawawa, mpaka amfumu alole ndipo adzukulu atsogole. Eni maliro tikudikira chilolezo kuti tikafike pamanda a agogo athu, pomwe anthu achilendo analowa ndi chitini cha penti ngati akulowa mu garaji mwawo.

Adzukulu atapita kukaona anapeza mizere ya matayala yakwera pamtumbira wa mwana amene tamuika posachedwapa, dothi lisanakhazikike n'komwe, nkhata zamaluwa zitapondedwa, kamtanda kake katapendekeka. Zikuoneka kuti ena anauona ngati kachulu kodumphirapo. Mayi a mwanayo atamva sanalankhule kanthu, anangolowa m'nyumba, ndipo tsiku lonse sanadye.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi a Mkonzi. N'chifukwa chiyani anasankha njira imeneyo? N'chifukwa ndi pokhapo pamene patsala mitengo ikuluikulu yachilengedwe m'mudzi muno, pali mthunzi, pozizira bwino, pokongola pachithunzi. Nanga mitengoyo yatsala bwanji pomwe kwina konse kuli mbee? Yatsala chifukwa cha lamulo lomwelo loti kumanda salowako. Mayi ngakhale nkhuni zimusowe chotani satola kachitsotso kumanda. Wootcha makala, wolimba mtima chotani, nkhwangwa yake saigwetsa pamenepo. Palibe mlonda, palibe waya, palibe NGO imene inatiphunzitsa, ndi mwambo basi. Nde mitengo imene alendowa akuisirira yaima chifukwa cha lamulo lomwe iwo aliphwanya ndi matayala awo. Ana athu anaona zonsezi ndi maso, anaona anthu akulowa kumanda akukuwa ndi kuseka n'kutulukira mbali inayo osaona vuto lililonse. Mawa tiwauza chiyani akatenga nkhwangwa?

Mphwanga anapeza nambala ya kampaniyo ndipo ndinaimba. Bwana wake anandiyankha mwaulemu ndithu, koma yankho lake linali loti mapu a pafoni saonetsa manda, amangoonetsa kanjira. Kanjira kameneko, bwana, ndi kamene timadutsamo titanyamula bokosi. Foni siingakuuzeni zimenezo, koma mwana aliyense woweta mbuzi akanakuuzani mukanangoima n'kufunsa. Safunsa anadya phula. Ndipo ziliza sanazione? Mitanda sanaione? Munthu amene wawerama n'kumapaka penti pamwamba pa dzina ndi chaka chomwalira anganene kuti samadziwa? Ndikufuna andiyankhe ngati angakajambule mivi yawoyo kumanda a ku Area 18 ku Lilongwe kapena a ku HHI ku Blantyre, komwe kwagona abale a mabwana. Sangayerekeze, apolisi angafike penti asanaume. Koma poti ndi kumudzi, mitumbira yadothi, akuganiza kuti m'menemo simunagone anthu.

Vuto lina lomwe mphwanga yemweyu wandionetsa ndi loti anthuwa akamapalasa foni kapena wotchi imakhala ikulemba njira yonse ndi GPS, akamaliza amaika pa intaneti pa ma app monga Strava, nde wina aliyense atha kuitsitsa n'kubwera yekha popanda womutsogolera, ena mpaka kumapikisana kuti wathamanga kwambiri pamenepo ndani. Kutanthauza kuti za Loweruka zija sizinathe, manda athu tsopano ali pamapu ngati njira ya masewera ndipo tizingoona magulu akubwera.

Ndikupempha a Unduna wa zokopa alendo, amene amapereka ziphaso kumakampani oterewa, kuti atiuze ngati chiphasocho chimalola zimenezi. A DC a ku Dedza, a khonsolo, akuluakulu a kwa Kachindamoto, nkhaniyi ndi yanu. Malamulo a dziko lino mu Penal Code amaletsa kulowa ndi kunyoza malo oika maliro, sindikupempha chachilendo. Ndipo boma lomweli limanyadira kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, timamuika pamapepala oitanira alendo, koma aliyense wa kuno akudziwa ubale wa gule ndi nkhalango za kumanda, sindingalembe zambiri pano. Akanakumana ndi eni ake m'menemo tsiku lolakwika bwenzi tikukamba nkhani ina, ndipo nyuzi zonse zikanalemba kuti anthu akumudzi ndi ankhanza aopseza alendo. Pafupi pomwepa pali Mua, mishoni ya 1902, pomwe pali Kungoni imene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo ntchito yake ndi yofotokozera mlendo miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ola limodzi lokha pamenepo likanawakwanira kudziwa kuti manda ndi chiyani kwa ife. Anadutsa chapafupi ali paliwiro.

Komanso poti ndayamba ndinene zonse. Mnyamata wa kuno akapezeka m'nkhalango ya boma ndi njinga yake atanyamula matumba a makala, njinga imalandidwa, ndipo chisinthireni lamulo la nkhalango la 1997 m'chaka cha 2020 zilango zake ndi zowawa zedi. Sindikuikira kumbuyo makala, mapiri athu atha ndipo tikuona tokha mmene mitsinje imasefukira masiku ano. Koma awa olowa m'nkhalango yomweyo ndi njinga za mamiliyoni, kutsegula tinjira tatsopano pamalo otsetsereka, chilolezo amachitenga kwa ndani ndipo amalipira zingati? Akamatsika amamanga buleki tayala lakumbuyo n'kumakhwekhwereza, dothi limatakasuka, pamatsala kamzere. Panopa kakuoneka kopanda ntchito, koma dikirani mvula ya Januwale madzi apeze njira m'menemo, kasanduka chigwembe ndipo mchenga wonse ukathera m'madimba ndi m'minda ya mpunga kumunsi kuno. Amene adzavutike ndi ife. Phindu lake ndiye sitikuliona, madzi amanyamula awo, chakudya chili m'galimoto, sagula ngakhale nthochi imodzi kapena chigumu pamsika. Chomwe amasiya ndi timapepala ta zotsekemera zawo zija m'njira, ndi kujambula amayi pamjigo osapempha. Kenako timamva pawailesi kuti zokopa alendo zikutukula anthu akumudzi. Mudzi wake uti?

Ndimamva kuti ku Luwawa ku Viphya ndi ku Nyika anthu amapalasa njinga zoterezi kwa zaka zambiri, nde si kuti n'zosatheka kuchita mwadongosolo. Kwathu kuno njira ina ilipo kale, ya ngolo, imazungulira kuseri kwa manda n'kukatulukira pamjigo, kusiyana kwake ndi pang'ono kwambiri kwa munthu amene wabwerera masewera olimbitsa thupi. A kampaniyo achotse njira ya kumanda ija pa intaneti sabata ino. Bwana wa kampaniyo abwere yekha, osati kutuma anyamata a penti aja, adzakhale pansi pabwalo la amfumu, apepese kwa mayi a mwana uja, alipire chindapusa chomwe akulu anganene, agule zochotsera penti ndi thumba la simenti. Ulendo wina uliwonse azilemba ganyu anyamata athu akabaza kuti aziwatsogolera, amadziwa njira zonse kuchokera kuphiri mpaka kunyanja ndipo amadziwa posayenera kuponda. Akapanda kutero pofika Loweruka likubwerali tagwirizana kale kuti tikagwetsa minga ndi zipika polowera, ndipo kalata yopita kupolisi yalembedwa, ikungodikira chidindo cha amfumu.

Mdzukulu wokhumudwa,
Mtakataka, Dedza