Mwana wamtali wa ku Chilomoni adzamuona ndani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za basketball pa tsamba lanuli, poti nkhani za masewero m'nyuzi muno nthawi zambiri zimangokhala za Bullets ndi Manoma basi, mwina ndi ma Queens akapita kunja. Ine ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndikulera mwana wa mchemwali wanga, ali Fomu 2, zaka 15, koma akamalowa m'nyumba amachita kuwerama pakhomo. Tinamuyeza mwezi wathawu ndi tepi ya atelala apamsika, anakwana mamita 1.96. Nsapato ndiye musanene, amavala saizi 13, ndinazungulira kaunjika wa ku Limbe ndi wa ku Ndirande masabata atatu kufuna peyala imodzi yokha, imene ndinapezayo pansi pake panali patatha kale moti tinachita kukamatitsa labala kwa osoka nsapato.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya Khaman Maluach, mnyamata wa ku South Sudan amene ine ndi mphwangayu takhala tikumutsatira pa foni. Anabadwa mu 2006 ku Rumbek, banja lawo linathawa nkhondo iye ali wamng'ono n'kukakulira ku Kawempe, dera la anthu wamba mu mzinda wa Kampala, losasiyana kwenikweni ndi Ndirande wathuyu. Mpaka zaka 13 mpira umenewu anali asanaugwire. Amene anayamba kumuona anali munthu wina wa pa njinga amene anamuimitsa pamsewu n'kumuuza kuti ndi msinkhu umenewu ayambe basketball. Anapita ku kampu imene anakonza Luol Deng, yemwe anasewera zaka zambiri ku Chicago Bulls, timu ya mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, ndipo pano ndi mkulu wa bungwe la basketball ku South Sudan, ndipo kuchokera pamenepo anthu oyenera anayamba kumva za dzina lake. Ali ndi zaka 14 anamutenga ku NBA Academy Africa, sukulu yogonera konko imene ili ku Saly m'dziko la Senegal, komwe ana amasewera komanso kulowa m'kalasi tsiku ndi tsiku.

Kenako zinthu zinangothamanga. Anasewera mu Basketball Africa League akadali mwana wasukulu, mu 2023 ali ndi zaka 16 anaimira dziko lake ku World Cup, mu 2024 anali ku ma Olympics a ku Paris, ndipo chaka chomwecho anasankha kukaphunzira ku yunivesite ya Duke ku America ngakhale mayunivesite a Kansas, Kentucky ndi UCLA nawonso ankamufuna. Anasewera chaka chimodzi, anafika Final Four, ndime ya matimu anayi omaliza pa mpikisano wa makoleji, n'kugonja kwa Houston 70-67, ndipo mu June 2025 anamusankha pa nambala 10 pa draft ya NBA, mwambo umene matimu amasankhira osewera atsopano, n'kupita ku Phoenix Suns. Ataitana dzina lake mnyamatayu analira misozi pamaso pa anthu onse. Mphwanga anabwereza kavidiyo kameneko mpaka bandulo inatha, osalankhula kanthu, kenako anangondifunsa kuti, “Amalume, nanga ife kuno amatiwonera kuti?” Funso limeneli landikhala pamtima mpaka lero.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukakhala wamtali basi azungu akubwera kudzakunyamula. Sizili choncho ayi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna makolo anzanga amvetse. Chiyambire 2006, NBA sitenga mwana kuchokera ku sekondale mwachindunji, amayenera kukwanitsa zaka 19 m'chaka cha draft, ndipo amene waphunzira ku America papite chaka chimodzi atamaliza sekondale, n'chifukwa chake akatswiri ambiri amayamba adutsa ku koleji kaye. Ndiye ku kolejiko kuli bungwe la NCAA limene limayang'ana mapepala a sukulu musanakhudze n'komwe mpira. Kuti usewere mu Division I, gawo lapamwamba la masewero a m'makoleji, amafuna maphunziro 16 amene iwo amawavomereza, monga Chingerezi, masamu ndi sayansi, komanso GPA, avereji ya magiredi ako, yosachepera 2.3, ndipo amawerenga kuyambira chaka chachisanu ndi chinayi cha sukulu, chomwe kwathu kuno ndi Fomu 1. Ndiye kuti masukulu lipoti aja timangokulungira mandasi kapena kusiya pawindo mpaka mvula iwanyowetse, ndi amene munthu angadzawafune. Ine nditamva zimenezi ndinapita kukagula fayilo ya pulasitiki, malipoti onse a mphwangayu ndimasunga mu sutikesi pamodzi ndi chiphaso chake chobadwira cha ku NRB.

Za chiphaso chobadwirazi tisamazitenge mwachibwana. Tonse tikudziwa khalidwe lochepetsa zaka limene lili m'masewero athu, munthu wa ndevu zake kusewera ndi ana a Fomu 1 kuti sukulu itenge chikho. Chikhocho mutenga inde, koma mwana weniweni wa zaka 14 amene akanakula bwino wakhala pabenchi, ndipo akunja akangokayika zaka za mwana mmodzi amayamba kukayikira onse ochokera dziko limenelo.

Ndalama ziliko, sindikukana. Kuyambira mu July 2021 osewera a m'makoleji a ku America analoledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, moti AJ Dybantsa, amene bambo ake ndi a ku Congo-Brazzaville, atasankha yunivesite ya BYU mu December 2024 nkhani inali ponseponse yoti alandira mamiliyoni a madola asanalowe n'komwe mu NBA. Koma ameneyo ndi mbadwa ya konko, wochokera kunja amakhala pa viza ya mwana wasukulu yomwe ili ndi malamulo ake okhwima pa nkhani yogwira ntchito. Tsono nkhani za mamiliyonizi ndi zimene akuba akutikolera nazo. Chaka chatha munthu wina anapeza nambala ya mchemwali wanga, ati ndi ejenti, ali ndi anzake ku America ndipo mwanayu amupezera sikolashipu, anatumiza zithunzi za mabwalo okongola pa WhatsApp ndi fomu yachingerezi chambiri, n'kunena kuti pakufunika K350,000 yolembetsera. Mchemwali wanga amagulitsa tomato, anakatenga ngongole ku banki mkhonde osandiuza poopa kuti ndimuletsa. Ndalama itangolowa nambala ija sinapezekenso. Wabweza ngongoleyo miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'choti mwanayu anadziona ngati wolakwa ndi iyeyo, anasiya mpira pafupifupi mwezi wathunthu. Makolo anzanga, sukulu yeniyeni imene ikufuna mwana wanu siyamba ndi kukupemphani ndalama pa foni.

Komanso si onse amafika pomwe wafika Maluach, ngakhale amene afika si onse zimawayendera. Aneba athu a ku Tanzania anali ndi Hasheem Thabeet, anaphunzira ku University of Connecticut, mu 2009 anasankhidwa pa nambala 2, koma mu NBA sanakhalitse monga anthu ankayembekezera. Ine amene ndimamuuza mphwanga kawirikawiri ndi malemu Dikembe Mutombo, amene anachoka ku Kinshasa mu 1987 kupita ku Georgetown ndi sikolashipu ya maphunziro akufuna kudzakhala dokotala, anamaliza digiri yake, ndipo pambuyo pake anakamanga chipatala kwawo n'kuchitcha dzina la mayi ake. Mwana wathu atapita ngakhale ku koleji yaing'ono yosatchuka n'kubwerako ndi digiri osalipira fizi, ine ndingavine mpaka kucha.

Koma kuti apite ndiye wina ayambe wamuona, ndipo apa ndi pamene tikulephera. Pasukulu pamene amaphunzira mphwangayu bwalo lilipo, la simenti yong'ambikang'ambika udzu utamera m'ming'alu, ring'i imodzi inapindika ina inachoka kalekale, mpira ndi umodzi wosalala ngati dzira ndipo umakhala wokiyidwa mu ofesi. Loweruka amadzuka m'mamawa kuyenda wapansi mpaka ku Blantyre Youth Centre kuti ndalama ya minibasi agulire madzi ndi chiwaya, akafika amadikira akuluakulu atope kaye kuti iye alowe. Tsiku lina ndinamuperekeza, ndinakhala pambali ndikuona, ndinawerenga anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi a msinkhu ngati wakewo, wina atavala masilipasi. Pali achikulire angapo amene amawaphunzitsa mwaulere chifukwa chongokonda masewerowa, ndimawavulira chipewa anthu amenewo, koma palibe amene ankalemba dzina la mwana aliyense, zaka zake kapena kutalika kwake.

Pempho langa kwa a BASMAL, bungwe loyendetsa basketball m'dziko muno, ndi a SOZOBAL, ligi ya chigawo cha kumwera, ndi laling'ono, silofuna mamiliyoni. Kamodzi pa teremu itanani ana a m'masekondale a mu Blantyre muno, a ku Bangwe, Zingwangwa, Machinjiri, Chirimba konse, muwayeze, mulembe tsiku lobadwa kuchokera pa chiphaso chenicheni, muwajambule vidiyo ngakhale ndi foni akusewera gemu yonse osati kudanka kokha, muzisunga. Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikupita ku mipikisano ya Road to BAL, yolimbirana malo mu Basketball Africa League, ndiye kuti anthu odziwana ndi akunja tili nawo, angathe kutumiza mayina ku Saly kapena ku makampu a Basketball Without Borders. Atsikana musawasiye, ngati Mwawi Kumwenda anachoka kuno n'kukasewera netball mpaka ku Melbourne ndiye kuti msinkhu ndi luso m'dziko muno zilipo.

Ndipo inu a Mkonzi, tipatseniko ngakhale kakona kakang'ono pa tsamba la masewero, zotsatira za magemu a m'masukulu ndi mayina a ana amene achita bwino. Kochi wa kunja akalemba dzina la mwana pa intaneti azipezako kanthu. Loweruka likubwerali mphwanga akhala ali ku Blantyre Youth Centre kuyambira 8 koloko m'mawa, mtolankhani wanu akabwera sadzavutika kumuzindikira, ndi wamtali kwambiri uja wovala nsapato zakuda zomata labala pansi.

Ndine malume wodandaula,
Chilomoni, Blantyre