Fani yokoka utsi inandibweretsera mvula m'khitchini

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga ophika zakudya zogulitsa muno mu Zomba, makamaka amene mwayamba kuika mafani okoka utsi padenga. Ine ndili ndi kalesitilanti chakudepoti, timaphika nsima, mpunga ndi chipisi. Khitchini yake ndi yamalata, yopanda siling'i, ndipo mu Okutobala mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Atsikana anga ankaweruka maso ali psuu, mutu ukuwawa.

Mu 2022 ndinatenga ngongole ku banki mkhonde n'kukagula fani yamagetsi ku Limbe. Mnyamata amene anadzaika, dzina ndisunge, anamaliza tsiku limodzi. Anaboola lata, kukhazika fani pabowopo, m'mbali n'kumata phula. Italira, ine nthungululu.

Mvula yoyamba inangobweretsa kadontho, tinatchera beseni. Koma mu Malichi 2023, masiku a namondwe wa Freddy aja, madzi anatsika ndi paipi yotulutsira utsi n'kugwera m'chiwaya cha mafuta owira. Mafutawo anathetheka, kumuwotcha mtsikana wanga pamkono. Chipsera chilipo mpaka lero, ndipo amayi ake ndikakumana nawo mumsika ndimasowa poyang'ana.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wowotcherera zitsulo ku Chinamwali. Atatsika padenga anangoti, "Mayi, apa sanaike fani, anangoboola nyumba." Anandifotokozera kuti mizere ya lata ndi ngalande za madzi, ndiye ukaidula pakati madzi ochokera kumtunda amafika pabowo n'kusowa kolowera. Phula nalo likaombedwa ndi dzuwa limang'aluka. Iwo anawotcherera chimango chachitsulo chotukuka pamwamba pa denga, n'kuchimangirira kumitengo ya denga, osati palata. Kumtunda kwake analowetsa lata losalala pansi pa linzake kuti madzi azilambalala. Pansi pa mota anaikapo timphira, ndipo kunjenjemera kumene kunkasukusa misomali kunatha. Mphepo yotsika m'phiri la Zomba mukuidziwa, siisiya chinthu chomangidwa mwaulesi.

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti cholakwa china chinali changa. Mawindo onse a khitchini ndinali nditawatseka poopa ntchentche ndi fumbi. Bamboyo anang'amba kapepala ka nyuzi n'kukaika pakamwa pa paipi fani ikulira. Kanangogwedera pang'ono n'kugwa. Anatuma mtsikana kuti atsegule windo lakuseri, anaikanso kapepala kaja, kanamatirira nganganga! Anati fani siingatulutse mpweya ngati wina sukulowa m'malo mwake. N'chifukwa chake chitseko chinkalimba potsegula, n'chifukwa chakenso utsi wa mbaula imene timaika pakhonde unkakokedwera mkati. Ndipo mpweya woipa wa makala suoneka, sununkha, koma umakufoola ndipo ukhoza kupha. Pano mawindo ndi otsegula, tinangoikamo sefa.

Za mafuta nazo. Utsi wa chipisi umanyamula mafuta, ndipo amakaundana m'paipi. Titamasula yathu, mkati munali zakuda bii, zomata ngati ulimbo, zochindikala ngati chala changa. Lawi likangofikamo ndiye moto wakwera kudenga, ndipo mashopu athu ogundizanawa mukuwadziwa. Mnyamata uja anali atalumikiza paipi ndi timisomali, moti mafuta ankachucha molumikizamo. Yatsopanoyi ndi yowotcherera, ili ndi kachitseko kotsukira, fani nayo ili pa mahinjesi, timangoipendeketsa. Pansi pake pali kachitini kolandira mafuta kuti asamayenderere palata.

Mnzanga wina wa ku Matawale akuti iye angoika mafani aja ozungulira ndi mphepo, ooneka ngati anyezi, poti safuna magetsi. Kunena zoona, magetsi akazima ndimamusirira. Koma amenewo ndi ochotsa kutentha mosungira katundu. Masana opanda kamphepo, chiwaya chili pamoto, sangathane ndi utsi wamafuta.

Pempho langa likupita kwa a zaumoyo amene amayendera malo odyera: poona ukhondo wa mbale ndi zimbudzi, muzikwezako maso kudenga n'kutifunsa kuti paipi tinatsuka liti. Nawo masukulu a ntchito zamanja, ngati la Nasawa lili m'boma lathu lomwe lino, atakonza kamaphunziro kakafupi ka ntchito imeneyi, amisiri a m'tauni muno angapindule, ifenso tingapume.

Anzanga, mmisiri asanakwere padenga panu, akutengeni kaye mukaone kumene anaikako fani ina ndipo yapirira dzinja lathunthu. Mukafunse mwini wake, mmisiriyo ali patali. Wofuna kuona yathu abwere Lolemba m'mawa, ndi pamene timapala mafuta. Avale zovala zakutha.

Mayi wophika nsima,
Zomba