Mphoto isamathere pa tsiku loomba m'manja

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mphoto zimene mabanja olemera ndi mabungwe awo amapereka kwa oteteza chilengedwe ndi oyanjanitsa anthu osiyana zipembedzo. Ine mphotozi ndimaziyamikira. Zaka zonse zimene ndinagwira choko ndinkauza ana za mayi Wangari Maathai a ku Kenya, otchuka ndi kubzala mitengo, amene analandira mphoto ya Goldman ya oteteza chilengedwe mu 1991, kutatsala zaka 13 kuti alandire ya Nobel. Mphoto ya Goldman anaiyambitsa ndi Richard ndi Rhoda Goldman ku San Francisco mu 1989, ndipo imafunafuna anthu wamba, osati nduna.

Koma pali chimene chimandisowetsa tulo. Mu 2015 mayi Berta Cáceres a ku Honduras analandira mphotoyi chifukwa chotsogolera anthu a mtundu wa Lenca kukana damu la Agua Zarca pa mtsinje wa Gualcarque, umene kwa iwo ndi wopatulika. Kanema wa mwambowo ndinamuonera pa foni ya mwana wanga, mayi ali chilili pa nsanja, holo yonse ikuomba m'manja. Chaka chisanathe, mu March 2016, anthu a mfuti anawalowera m'nyumba usiku n'kuwapha. Mabanki a ku Netherlands ndi ku Finland anasiyadi kuthira ndalama pa damulo, koma maliro atachitika kale. Nawonso a Ken Saro-Wiwa a ku Nigeria, mlembi amene ankalimbana ndi kuwonongeka kwa chilengedwe chifukwa cha makampani a mafuta, anapatsidwa mphoto yomweyi mu 1995 ali m'ndende, ndipo pa 10 November chaka chomwecho boma la asilikali linawanyonga.

Sindikuloza chala opereka mphoto ayi, sindiwo anagwira mfuti kapena chingwe. Nkhawa yanga ndi yoti munthu ukam'kweza pachulu, adani ake amamuonanso bwino. Alendo akabalalika, iye amabwerera kumene kuli moto.

Oyanjanitsa anthu nawonso ali pa mpeni womwewo. A Imam Muhammad Ashafa ndi abusa James Wuye a ku Kaduna ku Nigeria kale ankatsogolera magulu a achinyamata achisilamu ndi achikhristu omenyana, mpaka abusawo anaduka dzanja pa nkhondozo. Atakhululukirana anayamba kuyendera limodzi madera a ziwawa, ndipo mu 2009 bungwe la Jacques Chirac, pulezidenti wakale wa France, linawapatsa mphoto. Tangoganizani kulimba mtima kofunika kuti m'busa akhale mphasa imodzi ndi amene anzake akumutchabe mdani.

Pempho langa kwa opereka mphoto n'lakuti aziika padera ndalama za maloya ndi chitetezo cha wopambana pamodzi ndi anzake osatchulidwa dzina aja, kwa zaka zingapo ndithu. Ndipo inu a Mkonzi, mukatisindikizira chithunzi cha munthu atanyamula chikho, chaka chikatha mudzatiuzenso ngati ali moyo, ndiponso kuti mtsinje uja uli bwanji.

Mphunzitsi wopuma ntchito