Ana athu aphunzire kafotokozedwe ka nkhani kuchokera m'buku, osati m'manotsi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa kaphunzitsidwe ka literature, poti ndagwira choko ku sekondale zaka zambiri ndithu ndipo pali chinthu chimandiwawa mpaka lero. Timawapatsa ana manotsi oti aloweze, plot ndi chakuti, narrator ndi wakuti, flashback ndi chakuti, iwo nkukalemba mayeso nkukhoza, koma mukawapatsa buku nkuwafunsa kuti kodi apa akulankhula ndani, nanga zimenezi wazidziwa bwanji, kalasi yonse zii.

Ineyo chinanditsegula m'maso ndi kabuku kakang'ono ka Gabriel García Márquez wa ku Colombia, uja analandira Nobel mu 1982. Analemba mu Chisipanishi mu 1981, dzina lake Crónica de una muerte anunciada, ine ndinawerenga lomasuliridwa mu Chingerezi. Chiganizo choyambirira chenicheni chikukuuzani kale kuti mnyamata Santiago Nasar aphedwa tsiku limenelo. Basi, chinsinsi chatha pa mzere woyamba. Nde funso nkumati, nchiyani chikukupangitsani kuti musaliike pansi bukulo? Apa mpomwe phunziro lonse lagona.

Nkhani yake ili chonchi, Ángela Vicario wabwezedwa kwawo usiku wa ukwati chifukwa mwamuna wapeza kuti sanali namwali, Ángelayo nkutchula dzina la Santiago kuti ndiye anagona naye, ndiye alongo ake awiri amapasa, Pedro ndi Pablo, akunola mipeni kumsika uku akuuza aliyense kuti tikukamupha, pafupifupi tauni yonse ikudziwa koma palibe amene waletsa. Wofotokozayo wabwerera patapita zaka 27 kudzafunsa anthu mmodzimmodzi, ndipo anthuwo sakugwirizana ngakhale pa nyengo ya m'mawa umenewo, ena akuti kunali dzuwa ena akuti kunkawaza mvula. Kuphedwa kwenikweniko mumakuona kumapeto, pamene mayi ake a Santiago atseka chitseko poganiza kuti mwana wawo ali kale m'nyumba. Ndipo mpaka tsamba lomaliza simuuzidwa ngati Santiago analakwadi. Pamenepo mtima umapweteka, ndipo mwana amene wawerenga izi safunikanso kumuuza kuti ndondomeko ya momwe zinthu zinachitikira ndi ina, ndondomeko ya momwe akuzifotokozera ndi inanso, wazionera yekha.

Akatswiri anazipatsa maina zimenezi. A ku Russia ankati fabula, momwe zinachitikira, ndi syuzhet, momwe akuzifotokozera, ndipo Gérard Genette wa ku France mu 1972 anabweretsa analepsis ndi prolepsis, kubwerera m'mbuyo ndi kudumphira kutsogolo, komanso anasiyanitsa amene akulankhula ndi amene akuona. Mainawa ndi othandiza sindikukana, koma azibwera pambuyo, mwana atayamba wasokonezeka kaye ndi buku nkufuna mawu oti atchulire chomwe chamusokonezacho.

Lina ndi Pedro Páramo la Juan Rulfo wa ku Mexico, la mu 1955. Juan Preciado akupita ku Comala kukafuna bambo ake, mukumutsatira bwinobwino akulankhula ndi anthu a m'mudzimo, kenaka chapakati mukuzindikira kuti anthu aja ndi akufa, iyenso wamwalira, ndipo zonse munamva zija amafotokozera mayi wina dzina lake Dorotea ali naye m'manda amodzi. Ndikukuuzani ndinabwerera pa tsamba loyamba usiku womwewo kuyambiranso, chifukwa mukadziwa pomwe wofotokoza wagona chiganizo chilichonse chimamveka mwina.

Ena ati bwanji kupita kutali chonsecho pomwe tili ndi nthano zathu. Zoona, ndipo mwana amene anakula akuyankha kuti tili tonse agogo akati padangotero amadziwa kale kuti nkhani ili ndi woinena ndi oimvera. Koma nthano nthawi zambiri imayenda molunjika, kuyambira pachiyambi mpaka pothera, pomwe olemba a ku Latin America awa amaithyola dala nthawi, nde msoko wake umaonekera poyera ndipo nkosavuta kuuloza m'kalasi.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga komanso oyang'anira malaibulale ndi loti apezeko makope angapo a mabuku awiriwa, onse ndi aafupi, mwana atha kumaliza limodzi pa wikendi imodzi. Inunso a Mkonzi, tipatseniko kadanga pa tsamba lanu la zaluso kuti amene awerenga azilembako zomwe apeza.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba